Belu la Sukulu Likasiya Kulira

Chaka ndi chaka, mayeso a MSCE akatha, anyamata ndi atsikana ambirimbiri amanyamula masutikesi ndi zidebe zawo kuchoka m'sukulu za sekondale za m'boma la Nkhata Bay kubwerera kwawo ku Chintheche, ku Kande, ku Mpamba ndi ku Usisya. Amachoka mokondwa, pakuti amati goli lathyoka. Koma pali chinthu chimodzi chimene amachisiya kusukulu osazindikira kufunika kwake, ndicho belu. Kwa zaka 12, kuyambira Sitandade 1 kufikira Fomu 4, belu ndilo lidali kuwauza nthawi yofika, yolowa m'kalasi, yosiya masamu ndi kuyamba Chingerezi, yopuma ndi yoweruka. Munthu wina adali atawakonzeratu tsiku lonse, nalilemba pa pepala, nalikhoma pa khoma. Tsiku lotsatana ndi mayeso otsiriza, wokonza uja kulibenso.

Kusowa kwa beluli kumaonekera m'miyezi imene wophunzira akudikira kuti bungwe la MANEB litulutse zotsatira. Masiku amathamanga ngati madzi a mtsinje wa Luweya m'dzinja. Mnyamata amadzuka dzuwa litakwera, napita kugombe kukaonerera anzake akukoka khoka, nabwerako madzulo ali wotopa koma wosadziwa chimene chamtopetsa. Mtsikana amamira m'ntchito za pakhomo zimene sizitha, kotero kuti mabuku amene adalonjeza kuwerenganso amadyedwa ndi chiswe m'katoni. Pozindikira, tsiku lotsiriza lolandirira mafomu a ku yunivesite, a ku sukulu za uphunzitsi kapena a maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA ladutsa. Kalata ya umboni sadakapemphe kwa ahedi. Chiphaso cha unzika sadakatenge. Chaka chathunthu chimatayika chifukwa cha tinthu timene tikadatheka mmawa umodzi. Makolo amene adagulitsa usipa ndi chinangwa kuti alipire fizi amangoti mwanayu ndi waulesi, chonsecho nthawi zambiri vuto lake ndi lakuti sadaphunzirepo kudzikonzera yekha tsiku.

Kumaiko a kunja kwalembedwa mabuku ambiri onena za kakonzedwe ka ntchito, ndipo m'mafoni amakono muli zida zosawerengeka zokumbutsa munthu zochita. Zonsezi zili ndi phindu lake. Komabe maziko a luso limeneli ali pafupi, pagombe ndi m'minda ya m'boma lomweli, pakati pa anthu amene ntchito zawo zimalamulidwa ndi zinthu zosadikira munthu. Wodziwa chimene chikulamula ntchito yake angathe kudzipangira belu lakelake, ndipo kope wamba la ku golosale lingamkwanire.

Kumene belu lidachokera

Belu ndi buku zidakhazikika m'derali mu 1881, pamene Dr Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia adasamuka ku Cape Maclear nadzamanga ku Bandawe, asadakwere phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Pa mishoni padali buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, kaundula wa ana a sukulu ndiponso maola oikika a mapemphero, a maphunziro ndi a ntchito zamanja. Atonga adalandira sukulu mwachangu, ndipo pasadapite zaka zambiri ana a ku Bandawe adatchuka monga alembi ndi akapitawo m'makampani ndi m'maesiteti a kummwera kwa dziko lino, m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Mmodzi wa iwo adali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, amene adagwira ukalaliki ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia asadakhazikitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Chimene anthu amenewa adali kugulitsa kwa owalemba ntchito chidali luso losunga chiwerengero cha masiku, cha anthu ndi cha katundu popanda kusokoneza.

Cholowa chimenechi ndi chonyaditsa, koma chili ndi mbali yoperewera. Belu la mishoni, la esiteti ndi la mgodi lidali la mwini wake. Lidaphunzitsa anthu kumvera nthawi yoikidwa ndi wina, ndipo sukulu za masiku ano zidatengera chikhalidwe chomwecho. Mwana amene safika mochedwa amayamikiridwa, koma ndi ochepa amene amafunsidwa kuti adzilembere okha ndondomeko ya sabata. M'zaka zakale vutoli silidali kuoneka kwenikweni, popeza wotsiriza sukulu adali kuchoka pa belu la kalasi kupita pa belu la ku ofesi. Lero ntchito zolembedwa ndi zochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha otsiriza Fomu 4, ndipo ambiri ayenera kudzilemba okha ntchito. Nchifukwa chake kuli koyenera kuyang'ana kwa anthu amene akhala akukonza ntchito zawo popanda kapitawo.

Chinangwa cha pamalo atatu

Chakudya chenicheni cha m'mbali mwa nyanja m'bomali ndi nsima ya kondowole. Mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Kasungu, kumene chimanga chimakololedwa kamodzi pa chaka ndi kuikidwa m'nkhokwe, sazindikira msanga kuti mbale ya kondowole imene yaikidwa patsogolo pake idayamba kukonzedwa pafupifupi sabata yathunthu yapitayo. Chinangwa chikakumbidwa sichichedwa kuwonongeka. Pakatha masiku awiri kapena atatu chimayamba kuda mkati. Motero nkhokwe yake ndi munda womwewo, ndipo mayi amakumba chokwanira masiku owerengeka okha. Akachisenda amachiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi, mwinanso kuposerapo m'nyengo yozizira, kufikira chitafewa. Mitundu yowawa monga Gomani, imene alimi a m'derali amaikonda popeza anyani, nguluwe ndi akuba saikhumbira, ili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chinangwacho chikaviikidwa ndi kuyanikidwa mokwanira. Wofulumira kuvuula adwalitsa banja lake. Chikavuulidwa chimatsukidwa, kuphwanyidwa, kuyanikidwa pa dzuwa, kusinjidwa ndi kusefedwa.

Tsono mayi wodziwa ntchito yake amakhala ndi chinangwa pamalo atatu nthawi imodzi: china chili m'madzi, china chili pa thandala, china ndi ufa m'thumba. Ufa ukatsika kufika pakati iye sadikira kuti uthe. Amadziwa kuti yakwana nthawi yokakumba china. Ndiponso saviika chochuluka kuposa chimene thandala lake lingathe kulandira, makamaka m'dzinja, pakuti boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo chinangwa chonyowa chikasowa dzuwa chimada ndi kuchita nkhungu.

Nzeru yomweyi idatchukitsa kampani ya galimoto ya Toyota ku Japan. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina wa pakampaniyo, Taiichi Ohno, adaletsa kupanga zipangizo zambirimbiri zongounjika m'fakitale. Bokosi lililonse lidali ndi kakhadi kotchedwa kanban, ndipo kakhadiko kakabwerera kwa opanga, chidali chizindikiro chakuti zipangizozo zagwiritsidwa ntchito, apange zina. Patapita zaka, anthu a m'maofesi adatengera njirayi nayamba kugawa bolodi m'magawo atatu: ntchito zodikira, ntchito zimene zili mkati ndi ntchito zatha. Mapulogalamu a pa kompyuta monga Trello, amene adatuluka mu 2011, amachita zomwezo. Lamulo lalikulu la bolodi loterolo ndi lakuti gawo lapakati lisadzaze.

Apa ndi pamene otsiriza sukulu ambiri amapunthwa. M'sabata imodzi munthu ayamba dimba la tomato, alembetsa maphunziro a kompyuta, akopa ndalama zoodera usipa wokagulitsa ku Mzuzu, nanenanso kuti abwereza masamu kuti adzalembenso mayeso. Pakatha mwezi tomato wauma, usipa waola, ndipo buku la masamu lili pa tsamba lachitatu. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Zonse zinayizo ndi zabwino, ndipo zonse zilembedwe. Koma pa thandala pakhale ziwiri zokha, zinazo zidikire m'munda kufikira malo atapezeka.

Kalendala ya kumwamba

Msodzi wa usipa amawerenga masiku ake poyang'ana mwezi. Usipa umagwidwa usiku ndi khoka la chilimira. Munthu mmodzi, amene asodzi amamutcha siginala, amakhala m'bwato la nyali zowala kwambiri, usipa nusonkhana pansi pa kuwalako, kenaka anzake amauzinga ndi khoka. Mwezi ukakhala wathunthu nyali zija zilibenso mphamvu yokopa nsomba, popeza nyanja yonse ili mbee. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwerere pamene udali, chotero msodzi amadziwiratu masiku a mdima ogwira ntchito ndi masiku owala opumira. Palinso mphepo ya mwera, imene imaomba mwamphamvu makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ndipo ikakula palibe bwato limene limachoka pagombe.

Chofunika kuchiona ndi chimene msodzi wanzeru amachita m'masiku owala ndi a mwera. Ndi masiku osoka makoka, omata mabwato, okonza injini ndi nyali, obweza ngongole ndi okaona abale. Khoka long'ambika pang'ono silifuula, ndipo munthu angathe kulisiya lero ndi mawa popanda chovuta. Koma likang'ambikiratu pakati pa nyanja usiku wa usipa wochuluka, gulu lonse limabwera chimanjamanja. Dwight Eisenhower, amene adali mtsogoleri wa dziko la America, polankhula ku Evanston mu 1954, adasiyanitsa mavuto ofulumira ndi mavuto ofunika, ndipo Stephen Covey adakulitsa ganizoli m'buku lake la mu 1989, The 7 Habits of Highly Effective People. Mfundo yake ndi yakuti ntchito zofunika kwambiri kawirikawiri zimakhala zachete, pamene zaphokoso zimalanda tsiku lonse. Kwa wotsiriza sukulu, miyezi yodikira zotsatira ndiyo masiku ake owala. Imeneyi ndiyo nthawi yotenga chiphaso cha unzika, yojambulitsa zithunzi, yopempha kalata za umboni ndi yosunga ndalama za mafomu.

Msodzi amaphunzitsanso kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Sayamba ndi funso lakuti lero ndichite chiyani. Amayamba ndi usiku woyamba wa mdima, nawerenga masiku amene atsala kuti khoka, mafuta ndi anthu zikhale zokonzeka. Wofunsira malo ku koleji achite chimodzimodzi. Ngati mafomu akutsekedwa Lachisanu, alembe tsikulo pamwamba pa tsamba, kenaka atsike nalo: fomu itumizidwe pofika Lachiwiri, kuti ngati intaneti yavuta pakhale masiku oyeseranso, ndalama zilipiridwe sabata imodzi zisanachitike zimenezo, mapepala a zotsatira akatengedwe kusukulu sabata inanso m'mbuyo mwake, pokumbukira kuti ahedi sapezeka tsiku lililonse. Wa ku Usisya awonjezerepo masiku a ulendo. Atawerenga motero adzaona kuti ntchito imene amaiyesa ya mwezi wamawa iyenera kuyamba Lolemba likudzali. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ola la mphira

Woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Chintheche amadutsa pakati pa mitengo ya mphira ya esiteti ya Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa msewu. Ocheka mitengo ya mphira amalawirira mmamawa, pakuti utomoni umatuluka bwino kukali kozizira. Dzuwa likakwera umachepa ndi kuuma msanga pachilonda. Munthu yemweyo, ndi mpeni womwewo, pa mtengo womwewo, akacheka masana sapeza kanthu kwenikweni. Ndiponso mtengo suchekedwa tsiku ndi tsiku, umapatsidwa nthawi yopuma kuti usathe mphamvu.

Mutu wa munthu nawonso uli ndi ola lake. Ambiri amaganiza bwino mmawa, ena usiku ana atagona, ndipo aliyense ayenera kudziyesa kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti adziwe lake. Ola limenelo lipatsidwe ntchito yovuta koposa zonse, monga masamu, sayansi kapena kulemba kalata yofunsira ntchito. Kuchapa, kutunga madzi ndi kuyankha mauthenga sikufuna mutu wopumula, ndipo kungathe kudikira masana. Cholakwa chofala ndicho kuyamba ndi zopepuka kuti munthu adzione ngati wotanganidwa, nasiya zolemera kufikira utomoni utauma.

Kutalika kwa nthawi yokhala pa ntchito imodzi nakonso n'kofunika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, wophunzira wina wa pa yunivesite ku Italy, Francesco Cirillo, polephera kuika mtima pa mabuku, adatenga wotchi ya kukhitchini yooneka ngati phwetekere nayamba kudziikira nthawi. Njira yake, imene idadziwika ndi dzina lakuti Pomodoro, kutanthauza phwetekere m'Chitaliyana, ndi yogwira ntchito imodzi mphindi 25 osadukiza, kenaka kupuma mphindi 5. Wophunzira wa m'Malawi sayenera kuiona ngati yachilendo, popeza piriyodi ya mphindi 40 imene adaizolowera ku sekondale imachita ntchito yomweyo. Angathe kupitiriza nayo kunyumba: mapiriyodi awiri kapena atatu pa tsiku, foni itatsekedwa mawu. Popanda malire otere zimachitika zimene C. Northcote Parkinson adaona mu 1955, zakuti ntchito imatukusira kufikira itadzaza nthawi yonse imene yapatsidwa. Kalata ya tsamba limodzi ingathe kudya sabata yathunthu ya munthu amene alibe china chomuthamangitsa.

Sitima ndi mndandanda

Anthu a ku Usisya ndi ku Ruarwe, kumene mapiri amatsetserekera m'nyanja ndipo misewu ndi yovuta, akhala kwa zaka zambiri akudalira njira ya pamadzi. Sitima ya Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera m'zidutswa, nilumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda mu 1951. Pa ulendo wake wa sabata ndi sabata idali kuima m'malo amenewa kamodzi popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera, anthu ndi katundu nkumatengedwa pa timaboti popeza palibe doko. Munthu wopita ku boma pa sitima sadali kuyendera zake zokha. Adali kutumidwa ndi mudzi wonse: uyu mchere, uyu palafini, uyu misomali, uyu mankhwala a mwana. Woiwala chimodzi adali kudikiritsa mnzake sabata yathunthu. Pa chifukwa chimenechi kapepala kopindidwa m'thumba la malaya kadali kofunika ngati tikiti.

Kulemba zoterezi si chizindikiro cha mutu wofooka. George Miller wa pa yunivesite ya Harvard adalemba mu 1956 kuti munthu amatha kugwira m'mutu zinthu pafupifupi 7 nthawi imodzi, ndipo ofufuza a pambuyo pake adatsitsa chiwerengerocho kufika pafupifupi 4. Ngakhale akatswiri amaiwala. Mu 1935 ndege yatsopano ya kampani ya Boeing, yotchedwa Model 299, idagwa itangonyamuka ku Wright Field m'chigawo cha Ohio, chifukwa oyendetsa ake, anthu odziwa bwino ntchito, adaiwala kumasula loko ya zowongolera. Ngoziyo itachitika, oyendetsa ndege adayamba kugwiritsa ntchito mndandanda wochonga asadanyamuke. Mu 2008 bungwe la zaumoyo la WHO lidatulutsa mndandanda wa mfundo 19 zoti madokotala ndi anamwino azichonga pochita opaleshoni. Utayesedwa m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo cha ku Ifakara m'dziko la Tanzania, imfa za odwala ochitidwa opaleshoni zidatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8 mwa odwala 1,000 alionse. Ngati dokotala sachita manyazi kuchonga kapepala, mnyamata wopita ku intavyu ku Mzuzu asachite manyazi kulemba usiku wake kuti satifiketi, chiphaso, zithunzi, cholembera, ndalama yobwerera.

Sikimu ya mphunzitsi

Pa anthu onse a m'mudzi, mphunzitsi ndiye ali ndi chida chokwanira bwino chokonzera ntchito. Sikimu imatenga silabasi ya chaka, niigawa m'materemu atatu, teremu m'masabata, sabata m'maphunziro. Mbali imodzi imaonetsa zimene zakonzedwa, mbali ina zimene zaphunzitsidwadi. Kumeneku ndiko kuwerenga chobwerera m'mbuyo kwa msodzi uja, kuyambira pa tsiku la mayeso. Chomvetsa chisoni ndi chakuti sikimu nthawi zina imasanduka chinthu cholembera ahedi ndi oyendera sukulu. Imakoperedwa kuchokera ku ya chaka chatha m'masiku awiri, nisainidwa, nitsekeredwa m'dirowa. Teremu yachitatu ikafika, mphunzitsi amapeza kuti mitu isanu yatsala, nayamba kuthamangitsa ana ndi manotsi olembetsa pa bolodi Loweruka ndi m'maholide.

Sikimu yamoyo imatsegulidwa Lachisanu lililonse. Mphunzitsi amayerekeza mbali ziwiri zija, ndipo akaona kuti watsalira ndi sabata imodzi amakonza pomwepo, m'malo moyembekeza kuti mpata udzapezeka wokha. Amasiyiratu sabata imodzi yopanda mutu watsopano m'teremu iliyonse, podziwa kuti maliro, masewero, misonkhano ndi mitsinje yodzaza zidzadya masiku ena, monga msodzi adziwira kuti mwera udzabwera ndithu. Amakumbukiranso kukula kwa thandala lake: wophunzitsa Chichewa kapena Chingerezi m'makalasi atatu odzaza sapereka chimangirizo kwa onse sabata imodzi, pakuti makope osachongedwa ali ngati chinangwa chonyowa chosowa dzuwa. Mwana akalandira kope lake patatha mwezi, waiwala kale chimene adalemba.

Pali ntchito inanso imene mphunzitsi wa Fomu 4 angaichite popanda kuwononga ndalama. Asadatsazikane ndi ophunzira ake, apatule piriyodi imodzi, awaonetse sikimu yake yeniyeni, ndi zofufuta zake zomwe, nawafotokozere mmene idapangidwira. Kenaka aliyense alembe sikimu ya miyezi itatu yoyamba ya kumudzi. Ana ambiri amatha zaka zinayi akutsogoleredwa ndi buku limene sadalionepo.

Kope limodzi

Mfundo zonsezi zingathe kukhala m'kope limodzi. David Allen, m'buku lake la mu 2001 lotchedwa Getting Things Done, adalangiza kuti chilichonse chimene munthu walonjeza kapena akufuna kuchita achitulutse m'mutu ndi kuchilemba pamalo amodzi odalirika. Malo amodzi ndiwo mfundo yaikulu. Wolemba zina m'foni, zina pa chikhatho, zina kumbuyo kwa lisiti, sakhulupirira ngakhale chimodzi mwa izo.

Masamba oyamba a kope akhale a masiku osasunthika: otsekera mafomu, a mayeso, a intavyu, obwezera ngongole. Masamba otsatira akhale munda, mmene mulembedwe zonse zimene munthu akulakalaka kuchita, zazikulu ndi zazing'ono. Tsamba lina likhale thandala, lokhala ndi ntchito ziwiri kapena zitatu zimene zili mkati. Masamba otsala ndi a tsiku ndi tsiku. Madzulo alionse, asadagone, mwini kope alembe zinthu zitatu za mawa, choyamba chikhale cholemera ndipo chiikidwe pa ola lake la mphira.

Kalembedwe ka zinthu zitatuzo kafunika kusamala. Allen adatsindika kuti cholembedwa chikhale chinthu chimene manja kapena miyendo ingathe kuchita. Mawu akuti "kufuna ntchito" sauza munthu kumene angayambire, chotero amakhala m'kope miyezi isanu. Mawu akuti "kupita kusukulu Lachiwiri mmawa kukapempha kalata ya umboni" amamudzutsa pa mphasa. Adalangizanso kuti kanthu kotheka m'mphindi ziwiri kachitike pomwepo osakalemba, zimene makolo adazinena kale kuti papsa tonola sudziwa mtima wa moto. Ndipo kamodzi pa sabata, mwina Lamulungu madzulo, kope lonse liwerengedwe: zatha zichongedwe, zakanika zifunsidwe chifukwa chake, ndipo ngati pa thandala papezeka malo, chimodzi chichoke m'munda. Popanda kubwereza kumeneku kope limafa m'sabata yachitatu, monga zimafera madayale ambiri ogulidwa mu Januwale.

Foni ili ndi malo ake. Alamu yake ingathe kulira m'malo mwa belu, kalendala yake ingathe kukumbutsa tsiku lotsekera mafomu, ndipo kamera yake ingathe kusunga chithunzi cha satifiketi. Koma m'foni yomweyo muli WhatsApp, Facebook ndi TikTok, ndipo wotsegula kuti aone zochita za lero amadzidzimuka ola litatha akuonera za ena. Foni imathanso moto, imabedwa, imagwera m'nyanja. Ikhale wothandiza wa kope, koma mwini nkhani akhale kope.

Mabuku a kunja aja adalembedwera anthu okhala ndi ofesi ya chitseko chotseka. Wachinyamata wa ku Kande amakhala pakati pa abale, ndipo sangakane akatumidwa ndi amayi, amalume kapena agogo. Kukagwa maliro zonse zimaima, ndipo mpake kutero. Ndondomeko imene siwerengera zimenezi imathyoka tsiku lachiwiri. Njira yabwino ndiyo kukonza theka la tsiku lokha, theka linalo kulisiyira a pakhomo ndi zogwa mwadzidzidzi, ndiponso kuwadziwitsa akuluakulu mwaulemu. Mtsikana wonena madzulo kuti, "Amayi, mawa ndikhale ndi mabuku kufikira 8 koloko, kuchigayo ndidzapita ndikatsiriza," kawirikawiri amamveredwa, makamaka akasunga mbali yachiwiri ya lonjezolo. Makolo amakwiya ndi mwana wobisala kumbuyo kwa buku tsiku lonse, koma amalemekeza wa maola odziwika.

Zotsatira za mayeso zikatuluka, ena adzakondwa, ena adzafunika kubwereza, ndipo kope silisintha mapointi a munthu. Chimene limasintha ndi mmene tsikulo limampezera. Wina lidzampeza ali ndi chiphaso, zithunzi, kalata ya umboni ndi ndalama ya fomu m'envulopu imodzi, mitu khumi ya masamu atabwereza, dimba lake likubala. Mnzake wa mapointi ofanana lidzampeza akuyamba kumene kufunsa kuti mafomu amapezeka kuti. Kusiyana kwawo kudzakhala kutachokera pa zinthu zitatu zolembedwa madzulo alionse kwa miyezi ingapo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.